Dzanja Langa pa Belu la Aphunzitsi

Belulo linali la njinga. Aphunzitsi analichotsa pa njinga yakufa ya mlonda wa pasukulu n'kulikhomera pa kathabwa ndi misomali yopindika. Chivundikiro chake chinali ndi dzimbiri mbali imodzi, ndipo kachitsulo kokankha kanali kolimba moti masiku oyamba chala changa chachikulu chinatuluka chithuza. Silinkalira bwino ngati mabelu ena. Linkayamba lakhosomola kaye, kenako n'kuti ngriii. Mpaka lero wakabaza akandiimbira belu kumbuyo sindiyamba ndapatuka, ndimayamba ndapsa mtima.

Ndinali mu Sitandade 7, ndipo inali nyengo ya mwera. Anthu amene sanakhalepo kunyanja amaganiza kuti kwathu kumatentha chaka chonse. Adzabwere mwezi wa Juni adzaone. Mphepo imabwera itanyamula mchenga, milomo imang'ambika, miyendo imatuwa ngakhale udzole mafuta, ndipo nyanja imawinduka masiku ambiri osalola bwato. M'mudzi mwathu, kufupi ndi Nkhudzi, mathandala oyanikapo usipa ankangokhala pululu. Alovi, anyamata okoka makoka a eni ake, ankasowa chochita, ndipo mwamuna wosowa chochita kwathu ankathera malo amodzi, ku vidiyo ya amalume.

Amalume, amene tonse tinkawatchula kuti amjomba, anali achimwene awo a amayi, ndipo ndiwo anali mwini mbumba. Bambo anga anapita ku Joni ine ndikukwawa, ndipo zomwe tinkamva za iwo zinali za m'maluwa. Nyumba yomwe tinkagona inali pamalo a amalume. Amayi ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pakhomo pa vidiyopo, pa kamchenga kongokwana beseni ndi chiwaya, ndipo amalume sankalola kuti tiiwale mwini wake wa kamchengako.

Vidiyoyo inali chisakasa cha bango, mabenchi a matabwa a bwato lakale, ndi jenereta yonunkha petulo kuseri. Mafilimu anali a Chingerezi, Chitchaina ndi Chihindi, ndipo masiku amenewo kunalibe zowamasulira m'Chichewa ngati lero. Womasulira anali amalume. Ankaima pambali pa kanema ndi kamtengo m'manja n'kumafotokoza zimene anthu a m'filimu akunena. Chitchaina sankachidziwa ndi pang'ono pomwe, Chingerezi chawo chinali cha moni, koma pakamwa anali napo, zimenezo sindingawamane. Ndipo sizinkathera pa mafilimu. Amuna akakangana kuti timu yakuti inagoletsa zigoli zingati, kapena kuti woimba wakuti ali moyo kapena anamwalira, kapena kuti nkhondo yaikulu ija inayamba bwanji, mlandu unkapita kwa amalume. Munthu akangoti “amjomba anena,” mkangano unkathera pomwepo.

Mtsikana sankaloledwa kukhala pa benchi pakati pa amuna, koma bango lili ndi mipata. Ndikamathandiza amayi kugulitsa, diso limodzi linkakhala pa beseni, lina pa mpata. Mmenemo ndi momwe ndinadziwira mbendera za mayiko, malamulo a mpira ndi nkhonya, ndi zida zoimbira zomwe kwathu kunalibe. Mutu wanga unkangotola chilichonse ngati khoka, chofunika ndi chosafunika chomwe.

Aphunzitsi athu anali mayi wochokera kumapiri, amene anawatumiza kwathu ngati chilango. Ankanena okha choncho, m'kalasi, ife tikumva. Ankadana ndi fungo la nsomba, ankadana ndi mchenga wolowa mu nsapato zawo, ndipo akamva mwana akuyankhula Chiyao ankamugwaditsa padzuwa. Dzina lathu tonse linali limodzi, ana a usipa. Sindinama kuti ndinkawakonda. Sindinkawakonda, ndipo iwonso sankatikonda. Koma chaka chimenecho kunabwera mpikisano wa mafunso wa masukulu a pulayimale, wokachitikira ku boma ku Mangochi, ndipo aphunzitsi anawerengera kuti sukulu yathu ikapambana akuluakulu awaona n'kuwasamutsira kwa anthu. Anasankha ana atatu, ine ndi anyamata awiri. Opambana ankayenera kupita kukayankha mafunso pa wailesi, ndipo ine ndinkafuna chimenecho ndi mtima wonse. Ndinkafuna dzina langa lituluke mu wailesi ya amalume, m'chisakasa muja momwe sindinkaloledwa kukhala pansi.

Tinkatsala masana anzathu ataweruka. Mafunso anali a chilichonse, gitala ali ndi zingwe zingati, dziko lathu linkatchedwa chiyani kale, pulaneti loyandikira dzuwa ndi liti, mpira wamiyendo amasewera anthu angati. Mayankho sankandivuta. Chinkandivuta chinali belu. Aphunzitsi anafotokoza kuti gawo lomaliza la mpikisano silikhala losinthana, amayankha ndi amene wayamba kuliza belu, ngakhale funso lisanathe. Tsono ine ndinaleredwa mwina. Kwathu wamkulu akamayankhula umagwada, maso pansi, n'kudikira amalize, ndipo akamaliza umadikirabe pang'ono kuopa kuti mwina angopuma. Dzanja langa linkakhala pa belu ngati la munthu wakufa mpaka aphunzitsi atatseka pakamwa.

“Ukudikira chiyani, kalata?” ankatero, lula ikugwera pa mfundo za zala zanga. “Undidule mawu. Yankho lochedwa n'chimodzimodzi umbuli.”

Lula inagwira ntchito yake. Patapita masabata angapo ndinayamba kuliza belu funso lili pakati, ndipo ndinapeza kuti n'zokoma. Palibe anandiuzapo kuti kudziwa chinthu wamkulu asanamalize kuchinena kumakoma chotero. Aphunzitsi anandiika ine kukhala wogwira belu wa timu yathu. Sanandiyamikire, anangouza anyamata aja kuti achite manyazi.

Madzulo ena ndinkadzifunsa ndekha mafunso mokweza kwinaku ndikusonkhezera moto wa chiwaya. Ndinayamba kuti, “Phiri lalitali kuposa onse mu Africa…” ndipo ndisanamalize amayi anangoti “Kilimanjaro,” maso ali pa mandasi. Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa, chifukwa amayi sindinawaonepo atagwira buku. Anandifunsa mwaukali kuti ndikuwayang'ana chiyani, n'kundituma nkhuni.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Linali Lachisanu, amuna atangotuluka mu mzikiti, ndipo m'chisakasa munadzaza moti ena anakhala pansi. Inali filimu ya karate. Munthu wina anadumpha kuchoka pansi mpaka padenga la nyumba, ndipo amalume anaimitsa tepi kuti afotokoze. Anati anthu a kumeneko amawatemera mankhwala m'zidendene akadali makanda, mankhwala a muzu umene umamera paphiri limodzi lokha. Ine ndinali nditalowa ndi mbale ya mandasi ya kasitomala. Sabata yomweyo aphunzitsi anali atatiuza mmene amapangira mafilimu. Sindinaganize n'komwe, pakamwa panangolira pokha ngati belu lija.

“Ndi zingwe,” ndinatero, amalume ali pakati pa mawu. “Amawamanga zingwe m'chiuno, ena amakoka kuseri.”

Kenako mlovi wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo chisakasa chonse chinatsatira. Wina anafunsa ngati muzu wa paphiri uja ndi umene amapotera zingwezo. Amalume sanandikhudze. Anazimitsa kanema, anatuluka panja, n'kukankha beseni la amayi ndi phazi mpaka mandasi ena anagwera mumchenga.

“Chemwali, nyamulani,” anatero motsitsa mawu. “Muzikagulitsira kusukulu komwe mwana wanu akuphunzira kutukwana.”

Amayi anandimenya mbama pomwepo, amuna onse akuona. Dzanja lawo linali la mafuta, ndipo fungo la mafuta okazingira linanditsalira patsaya mpaka mawa lake. Tinatola mandasi mumchenga, amayi akupukuta limodzilimodzi ndi chitenje, kenako tinabwerera kunyumba.

Mandasi sayenda malonda kunyumba komwe kulibe anthu. Masiku otsatirawo tinkagonera mbatata, ndipo zitatha tinkagonera phala lopanda shuga. Ku vidiyo nako zinthu zinali zitaipa, chifukwa amalume akangoyamba kufotokoza chilichonse, ngakhale za mpira, wina mumdima ankangoti “zingwe,” anthu n'kufa nako kuseka. Mkwiyo wonsewo unkabwera kwa ife. Pomaliza amayi anandigwira pamkono n'kupita nane pakhonde pa amalume, pomwe panali amuna angapo. Anagwada, nanenso ndinagwada. Kupepesa kokha sikunakwane. Amalume anafuna kuti ndinene ndi pakamwa panga kuti ndinanama, kuti kulibe zingwe. Ndinanena. Ndakhala ndikunamizidwa ndi anthu ambiri m'moyo uno ndipo ambiri ndinawakhululukira, koma bodza limene ndinakakamizidwa kunena ndekha tsiku limenelo limandiwawabe.

Amayi anabwerera pa kamchenga kawo, koma amalume analamula kuti za mafunso ndisiye. Nditawauza aphunzitsi, sanandifunse n'komwe ngati ndili bwino. Anavala nsapato zawo zija n'kuyenda mumchenga mpaka pakhonde pa amalume, ine ndikutsatira kumbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Sanagwade, sanadikire kupatsidwa mpando. Amalume atayamba kufotokoza za mwambo wa kwathu, aphunzitsi anawadula mawu katatu konse, ndipo amuna amene anali pakhondepo anayang'anana ngati aona munthu akuyenda chamutu.

“Bambo, tisatayitsane nthawi,” anatero aphunzitsi. “Anthu akunena kuti mukuopa kamwana ka Sitandade 7. Ine ndimawakanira, koma mukakaniza mwanayu ndiwauza chiyani?”

Palibe munthu anali atanena zimenezo, koma kuyambira pamenepo zinanenedwa. Amalume anakukuta mano, kenako anati ndipite. Anawonjezera kuti andiperekeza okha, akadzionere ndi maso mwano umene boma likulipira anthu kuti aziphunzitsa. Ndikakumbukira tsopano, awiriwo ankakangana ngati anthu olimbirana nkhafi imodzi, ndipo palibe mwa iwo anandiyang'anapo kumaso.

Tsiku la mpikisano tinadzuka kukuzizira. Amayi anandisitira yunifomu ndi simbi ya makala, n'kundimanga mpango woyera kumutu, mwamphamvu kuposa masiku onse. Tikudikira matola pamsewu, aphunzitsi ndi anyamata aja ataima patali, amalume anawerama ngati akundikonza kolala.

“Kumene tikupitaku kuli akuluakulu,” anatero. “Ukakangodula mawu munthu wamkulu pamaso panga, amako akagulitsira mandasi awo m'nyanja.”

Holo ya ku boma inali yaikulu, yonunkha polishi ndi fumbi. Kunja, kupitirira mitengo, mtsinje unkaoneka ukuyenda mwakachetechete. Ana a masukulu a m'tauni anali ndi masokosi oyera ndi mabelu enieni a patebulo, ndipo ataona kathabwa kathu anaseka mosabisa. Magawo oyamba anali osinthana, funso kwa awa, funso kwa awo, ndipo ankafunsa ndi mnyamata wa tayi woyankhula mothamanga. Mmenemo ndinasambira. Ndinayankha za nyimbo yochokera ku Jamaica, za mpweya umene timapuma, za kutalika kwa masewero a mpira, za chifukwa chake timaona mphezi tisanamve bingu. Masukulu anagwa imodziimodzi mpaka tinatsala awiri, ife ndi sukulu ina ya m'tauni, ndipo mapointi athu anali ofanana. Anthu anayamba kufunsana kuti ana a kathabwa aja achokera kuti.

Pamenepo analengeza kuti kwatsala funso limodzi, la belu, ndipo polemekeza mlendo wolemekezeka anapempha kuti alifunse ndi iyeyo. Anali bambo wokalamba wa ndevu zoyera ndi kofia, wofanana ndi agogo anga aamuna amene anamwalira. Anayenda pang'onopang'ono, anavala magalasi, n'kusendeza pepala kutali ndi maso. Ndinaika chala pa kachitsulo. Aphunzitsi anali kumanzere, atatsamira khoma, nsagwada zili gwa. Amalume anali pamzere wachiwiri, manja atapinda pachifuwa, akundiyang'ana ine osati wofunsayo.

Mkuluyo anayamba kuwerenga m'Chingerezi, liwu limodzilimodzi. Ankafunsa dzina la mtsinje umene umatuluka m'nyanja yathu. Ndinadziwa yankho asanafike n'komwe pa liwu loti nyanja. Mtsinjewo unali panja pomwepo, ndinkauona pawindo. Chala chinali pamalo pake, chithuza chinali chitapola kalekale, ndipo mtima wanga unaliza belu kambirimbiri. Koma mkuluyo anali asanamalize, ndipo m'maso mwanga munali beseni la amayi likugubuduka mumchenga. Ndinati ndidikire liwu limodzi lokha, kenako linanso. Belu la patebulo lina linalira ngwee, ndipo kamnyamata ka masokosi oyera kanafuula kuti Shire. Mkuluyo anaseka mosangalala n'kukayamikira kuti ndi kochangamuka. Sanakhumudwe n'komwe kuti kamudula mawu.

Aphunzitsi anabwera kudzatenga kathabwa kawo anthu akuombabe m'manja. Anachita kukalanda pansi pa dzanja langa. Anati ankadziwa kale, mwana wa usipa ungamuphunzitse bwanji, tsiku lofunika amabwerera ku usipa wake. Ananena mokweza kuti aphunzitsi anzawo amve kuti cholakwa si chawo. Chaka chotsatira anasamutsidwa ndithu, sindikudziwa kuti anadzera khomo liti, ndipo sanatsanzike.

Amalume ndiye anali pa chikondwerero. Anandigulira chakumwa chozizira cha m'botolo, koyamba m'moyo wanga, ndipo chinandikhala pakhosi ngati mankhwala. Mu matola anauza aliyense, ngakhale osafunsa, kuti mwana wa mlongo wawoyu ankadziwa yankho koma anasunga ulemu, kuti ana a m'tauni ndi opanda mwambo, kuti chikho chimachita dzimbiri koma khalidwe silichita dzimbiri. Amayi ena ogulitsa tomato anavomereza n'kundisisita pamutu. Ndinkafuna kuwaluma dzanjalo.

Tinafika dzuwa likadalipo. Amayi anali pa kamchenga kawo, akutembenuza mandasi. Amalume anawafotokozera zonse monyadira, n'kuwauza kuti mbama ija inagwira ntchito. Amayi anagwada, anathokoza achimwene awo chifukwa chondiperekeza, ndipo anawapatsa mandasi awiri otentha pa kapepala. Ine mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinaluza, inde, koma beseni linali pamalo pake, ndipo ndinkayembekeza kuti amayi anena kuti ndachita bwino.

Anadikira mpaka amalume atalowa m'chisakasa ndi jenereta italira. Kenako anandifunsa, osandiyang'ana, kuti funso linali lotani. Ndinayamba kulibwereza, ndipo ndisanafike pakati anati “Shire.” Anaika chipande pansi n'kundigwira dzanja lamanja, lomwe lija la belu, n'kulifinya mpaka mafupa anakhudzana.

“Unkadziwa?”

“Eya, amayi.”

“Ndiye dzanja ili linali kuti? Ndinakuberekera la chiyani?”

Ndinayamba kunena kuti amjomba anati, kuti inunso munati, koma anandikankha ndisanamalize moti ndinakhala pansi mumchenga. Maso awo anali ofiira, ndipo sunali utsi. Sanandiyankhulenso tsiku limenelo, ndipo chakudya anandiikira patali ngati mlendo amene sakumufuna.

Ndinadzamva ndili kale ndi ana anga, kwa mayi wina amene anaphunzira nawo limodzi, kuti amayi ndiwo ankakhala nambala wani m'kalasi mwawo mpaka chaka chimene agogo ndi amalume anagwirizana zowapezera banja. Iwo sanandiuzepo, ndipo anamwalira ndisanawafunse. Lero ndimagwira ntchito mu ofesi, ndipo pamisonkhano ndimaonabe amuna akunena molakwika zinthu zimene ndikuzidziwa, dzanja langa lili phee patebulo. Ndikatero ndimatukwana amalume chamumtima, ndi aphunzitsi omwe.

Koma madzulo amenewo ndinali mwana wa Sitandade 7, nditakhala mumchenga wozizira, mwera ukundiwaza fumbi m'maso. Tsaya limodzi linkakumbukira mbama ya chifukwa choyankhula, dzanja likuwawa chifukwa chokhala chete, ndipo zonsezo zinachokera kwa munthu mmodzi. Ndinaganiza kuti amayi anga ndi munthu woipa mtima basi, amene sangasangalale ndi chilichonse chimene ndingachite. Sindinamvetse chimene ankafuna kwa ine, ndipo sindinamvetsenso mmawa mwake, pamene ndinawaona atanyamula beseni pamutu, akufika pakhomo pa vidiyo, n'kugwada mumchenga kupereka moni kwa achimwene awo, maso ali pansi, akudikira kuti amalize kuyankhula.